Boma la Dowa lidachokera kuti, nanga amaliyendetsa ndani?

Ukakwera minibasi ku Lilongwe kulowera kumpoto pa msewu wa M1, umadutsa ku Kanengo, n'kusiya mphambano ya ku bwalo la ndege la Kamuzu, kenako umafika pa Lumbadzi. Ukangopitirira pang'ono ndiye kuti walowa m'boma la Dowa, ngakhale maso sakuuza kanthu: minda ya chimanga ndi yomweyo, zigafa za fodya ndi zomwezo, anyamata a kabaza ndi omwewo. Ambiri oyenda msewu umenewu amadziwa pa Mponela ndi pa Madisi, amatsikapo kugula tomato ndi nyama yootcha. Koma ukawafunsa ngati adapondapo pa boma penipeni pa Dowa, amangopukusa mutu. Pabomapo padabisala chakum'mawa, m'mapiri, ndipo kuti ukafikepo uyenera kupatuka kusiya M1.

Kalembera wa 2018 adapeza anthu 772,569 m'boma lonse la Dowa, pa malo okwana masikweya kilomita 3,041. Mwa anthu amenewa, okhala pabomapo anali pafupifupi 7,000 okha, pamene pa Mponela panali oposa 24,000. Ndiye kuti likulu la boma likupitiridwa katatu ndi tauni imene ili pansi pake. Kuti timvetse chimene chidachititsa zimenezi, tiyenera kubwerera m'mbuyo, chifukwa amene adasankha malo a boma sankaganiza za msika kapena za minibasi.

Tiyambe ndi mawu akuti "boma" omwewo. Timawagwiritsa ntchito patatu: boma lolamula dziko, boma la Dowa ngati dera, ndi pa boma pamene pali maofesi. Pali kankhani kamene kamayenda kakuti mawuwa ndi chidule cha mawu ena achingerezi onena za ulamuliro wa asilikali. Ndi nthano chabe. "Boma" ndi mawu a Chiswahili otanthauza linga, mpanda wotchinjiriza anthu kapena ziweto, ndipo adafika kuno ndi amalonda a kugombe la nyanja yamchere pamodzi ndi asilikali amene atsamunda adabwera nawo. Mzungu akamanga msasa wake wozingidwa ndi mpanda, anthu ankati ndi pa boma. M'kupita kwa nthawi, dzina la mpandawo lidasanduka dzina la ulamuliro, kenako la dera lonse limene munthu wa mumpandayo ankatolerako msonkho.

Mpandawo usanamangidwe, dzikoli linali ndi eni ake. Ndi dziko la Achewa, ndipo maina a mafumu monga Dzoole, Kayembe ndi Chakhaza akuchitira umboni mpaka lero. Koma m'zaka za m'ma 1800 kudafika Angoni. Gulu la Zwangendaba lidaoloka Zambezi mu Novembala 1835, ndipo iye atamwalira cha m'ma 1848 ku dziko la Afipa, ku Tanzania wa lero, gululo lidagawikana. Mmodzi mwa amene pambuyo pake adapatukana ndi Angoni a M'mbelwa anali Chiwere Ndhlovu, munthu wobadwa Mnsenga amene adakula m'chingoni mpaka kukhala mtsogoleri wa nkhondo. Iyeyu adadzakhazikika m'mapiri a kum'mawa kwa Dowa. Midzi ina ya Achewa idagonja n'kumapereka mitulo, ina idamanga malinga n'kumalimbana naye. Chodabwitsa n'chakuti ogonjetsawo ndiwo adataya chilankhulo: adakwatira akazi a Chichewa, ana adayamwa Chichewa, ndipo lero kwa Chiwere ndi kwa Msakambewa anthu amadzitcha Angoni m'Chichewa chosalala.

Azungu oyamba kukhazikika kumeneku sanali a boma. Pa 28 Novembala 1889, abusa awiri a mpingo wa Dutch Reformed ochokera ku South Africa, A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, adatsegula mishoni pa Mvera m'dziko la Chiwere. Mu 1894 Robert Blake adatsegula ina pa Kongwe, pamene lero pali sekondale yotchedwa dzina lake. Mvera ndiye adali likulu la mishoniyo lisanasamukire ku Nkhoma, ndiye kuti Sinodi ya Nkhoma mchombo wake uli ku Dowa. Mfundo yofunika pa nkhani yathu ndi yakuti sukulu ndi mankhwala zidafika kuno kudzera kwa amishoni, boma lisanayambe n'komwe kuziganizira. Mpaka pano anthu ambiri a ku Dowa akadwala amathamangira ku zipatala za mipingo, monga za Akatolika za ku Madisi ndi ku Mtengowanthenga.

Britain adalengeza kuti dzikoli lili m'manja mwake mu 1891, koma kulengeza ndi kulamula n'zosiyana. M'chigawo chapakati zidatenga mfuti. Mwase wa ku Kasungu adathiridwa nkhondo kumapeto kwa 1895, Gomani wa ku Ntcheu adaphedwa mu 1896, ndipo Angoni a Mpezeni adagonjetsedwa mu 1898. Chiwere adaona kumene mphepo ikulowera ndipo sadamenye nkhondo yoteroyo. Dera lalikulu lophatikiza Dowa, Lilongwe ndi Dedza atsamunda adalitcha Central Angoniland, ngati kuti Achewa, amene anali ochuluka koposa, kunalibe.

Dzina la udindo wa mzungu woyamba wa pa boma likuulula zonse. Sankatchedwa DC ayi, ankatchedwa Collector, kutanthauza wotolera. Ntchito yake inali msonkho wa nyumba, umene m'zaka zoyambirira unali mashilingi 3 pachaka, ndi kuweruza milandu. Munthu wopanda ndalama ankayenera kukaipeza, ndipo njira yake inali kukagwira ntchito m'minda ya azungu kumwera kapena kupita ku Halale ndi ku Joni. Pambuyo pake udindowu udatchedwa Resident, kenako District Commissioner, amene ife timati bwanamkubwa kapena DC. Munthu wotereyu ankafuna malo okwera, ozizira, opanda udzudzu wambiri, pafupi ndi mfumu yamphamvu imene ankafuna kuiyang'anitsitsa. Mapiri a Dowa adamukwanira. Ndipo masiku amenewo pamalopo sipanali pambali monga lero, chifukwa boma la Dowa linkatsetsereka mpaka kunyanja, ku Domira Bay, ndipo Salima inali pansi pake isanakhale boma palokha. Salima atachoka, pabomapo padatsala chakum'mawa kwa dera limene anthu ake ambiri ndi malonda ake zili kuchigwa cha kumadzulo, kumene kudadutsa msewu waukulu.

Mzungu mmodzi ndi amesenjala ochepa sakadatha kulamula midzi mazanamazana, choncho adatembenukira kwa mafumu. Lamulo la 1912 lidakhazikitsa mafumu akuluakulu oyang'anira magulu a midzi, osankhidwa ndi boma. Malamulo a 1933 adawapatsa mphamvu zoonjezera: makhoti awo, timalamulo tawo, kathumba kawo ka ndalama. Apa m'pamene ufumu udasinthira nkhope. Mfumu imene kale inkayankha kwa mbumba ndi kwa akuluakulu a mudzi idayamba kuyankhanso kwa DC, ndipo amene adalembedwa m'buku la boma adakwera pamwamba pa anzake amene sadalembedwe. Mikangano ina ya ufumu imene timaimva lero mizu yake ili m'mabuku amenewo. Makhonsolo a maboma adabwera mochedwa, ndi lamulo la 1953, ndipo chakumayambiriro kwa m'ma 1960 anali ndi makhansala osankhidwa ndi anthu, oyang'anira zinthu monga sukulu za pulayimale, misewu ya m'midzi ndi misika.

Ufulu utabwera mu 1964, makhonsolo sadakule. Ulamuliro wa chipani chimodzi sunkafuna mphamvu ina kunja kwa likulu. Ntchito zambiri zidabwerera ku maunduna, ndipo nkhani za chitukuko zidapita ku komiti ya chitukuko ya boma, imene wapampando wake anali DC ndipo akuluakulu a chipani anali momwemo. Lamulo la mafumu la 1967 lidaika m'manja mwa Pulezidenti mphamvu yovomereza, kukweza ndi kuchotsa mfumu. Lamulo limeneli likugwirabe ntchito, ndipo mafumu amalandira mswahala kuchokera ku boma.

M'zaka zomwezo kudachitika chinthu chimene chidasintha Dowa popanda a ku Dowa kufunsidwa. Kamuzu Banda adaganiza zosamutsa likulu la dziko kuchoka ku Zomba, ndalama zoyambira ntchito zidachokera ku ngongole ya South Africa, ndipo mu 1975 Lilongwe idakhala likulu. Dowa, imene kale inali kutali ndi Zomba ulendo wotopetsa, idadzuka ili pakhomo pa Capital Hill, mtunda wa makilomita pafupifupi 50.

Dongosolo limene tili nalo lero lidabadwa pambuyo pa 1994. Malamulo aakulu a dziko ali ndi mutu wonse wonena za maboma aang'ono, ndipo mu 1998 kudabwera ndondomeko yotula mphamvu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono. Pa wailesi zidamveka ndi mawu atatu: mphamvu ku anthu. Cholinga chinali kutembenuza chimene atsamunda adamanga, kuti pa boma pasakhalenso poima munthu wa kulikulu, pakhale pokumana nthumwi za anthu.

Papepala zimayenda chonchi. Khonsolo ya Dowa ili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi ya andale: makhansala osankhidwa m'mawodi, amene amasankha mmodzi mwa iwo kukhala wapampando kwa chaka chimodzi. M'chipinda chomwecho mumakhala aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'bomalo, mafumu akuluakulu (kwa nthawi yaitali Dowa yadziwika ndi asanu ndi awiri: Chiwere, Msakambewa, Mkukula, Mponela, Dzoole, Kayembe ndi Chakhaza), ndi anthu asanu oimira magulu monga amayi, achinyamata ndi aulumali. Mafumu ndi asanuwo amalankhula koma savota. Mbali yachiwiri ndi ya ogwira ntchito, motsogozedwa ndi DC, ndipo pansi pake pali akuluakulu a zachuma, zamapulani, zomangamanga, zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi. Makhansala amavomereza bajeti ndi kupanga malamulo a m'boma. A maofesi amagwira ntchitoyo. Kumudzi kuli makomiti a chitukuko: a VDC pa gulupu aliyense ndi a ADC pa mfumu yaikulu iliyonse. Mjigo ukafunika, pempho liyenera kuyambira ku VDC, kukwera ku ADC, kukalowa m'pulani ya chitukuko ya boma, kenako m'bajeti.

Zimamveka bwino. Koma taonani mbiri yake. Chisankho choyamba cha makhansala pansi pa lamulo la 1998 lija chidachitika mu Novembala 2000, ndipo anthu ochepa kwambiri ndiwo adakavota. Nthawi yawo itatha mu 2005, chisankho china sichidachitike mpaka Meyi 2014. Kwa zaka 9 makhonsolo onse m'dziko muno, ya Dowa yomwe, ankayenda opanda khansala ndi mmodzi yemwe. M'kati mwa zaka zimenezo, mu 2010, Nyumba ya Malamulo idasintha lamulo lija. Aphungu adadzipatsa voti m'khonsolo. Mawodi adachepetsedwa kukhala awiri pa dera lililonse la phungu, choncho Dowa, imene inali ndi madera 7, idatsala ndi makhansala 14 oti aimire anthu oposa theka la miliyoni. Ndipo mphamvu yosankha DC idaperekedwa kwa nduna. Mfundo yomalizayi ndi imene ine ndimaiona kuti ndiyo phata. Wantchito amamvera amene angathe kumusamutsa. Makhansala angafuule bwanji pa msonkhano, kalata yosamutsa DC imalembedwa ku Capital Hill.

Nkhani ya ndalama ndi chimodzimodzi. Zimene khonsolo imatolera yokha ndi zochepa: matikiti a pamsika, ziphaso za mabizinesi, zolipira pa madepoti, lendi ya nyumba zake. Dowa ndi dziko la fodya, chimanga, mtedza ndi soya, ndipo alimi ake adayamba kulima fodya wogulitsa kalekale m'zaka za m'ma 1920. Koma mabelo ake amakagulitsidwa ku okushoni ya ku Kanengo, m'malire a mzinda wa Lilongwe. Mafakitale okonza fodyayo ali komweko, ntchito zake zili komweko, ndipo misonkho ikuluikulu imatoleredwa ndi MRA n'kupita ku thumba la dziko lonse. Chimene chimatsalira Dowa ndi nkhalango zimene zidathera m'zigafa ndi misewu imene malole adaikumba. Ndalama zoyendetsera boma zimabwereranso kuchokera ku Treasury kudzera ku komiti yoona za chuma cha makhonsolo, ya NLGFC, ndipo zambiri zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake: izi ndi za zaumoyo, izi ndi za sukulu, izi ndi za ulimi. Ndondomeko ya 1998 idalonjeza kuti makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zimene boma latolera kuti achitire chitukuko, koma lonjezolo lakhala likungoyenda m'madandaulo a makhonsolo. Khansala amene adalonjeza mlatho pa kampeni amakapeza kuti ndalama zimene angazisunthe pa bajeti ndi zongokwanira mafuta a galimoto ndi mapepala.

Apa m'pamene pamalowera CDF, thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu limene lidayamba mu 2006. Ndalama zake zimadutsa mu akaunti ya khonsolo, ndipo amene amasainira ndi kuyankha kwa owerengera chuma ndi a maofesi, koma kwa zaka zambiri amene ankaloza kuti zipite apa anali phungu. Anthu kumudzi si opusa, adaona kumene kuli ndalama. Pempho la mjigo lija m'malo mokwera makwerero a VDC ndi ADC lidayamba kupita molunjika ku geti la phungu, ndipo khansala adasanduka wonyamula bokosi pa maliro. Mu Meyi 2025 khoti loona za malamulo aakulu lidagamula kuti aphungu sayenera kuyendetsa thumbali ndiponso sayenera kuvota m'makhonsolo, chifukwa ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondoloza mmene ndalama zayendera, ndipo munthu sangadzifufuze yekha. Makhansala amene adasankhidwa pa 16 Sepitembala 2025, pamene mawodi m'dziko lonse adakwera kuchoka pa 462 kufika pa 509, adalowa m'maofesi mkangano umenewu ukadali wamoto.

Zonsezi zimakhudza boma lililonse m'Malawi. Chimene chili chapadera ku Dowa ndi kuyandikana ndi mzinda wa anthu pafupifupi miliyoni imodzi (kalembera wa 2018 adawerenga 989,318). Ubwino wake ulipo: msika wa ndiwo ndi nkhuku uli pafupi, wodwala kwambiri amafika msanga ku Kamuzu Central, ndipo mabungwe amakonda kuyesera ntchito zawo ku Dowa chifukwa amapita m'mawa n'kubwerera kukagona ku Lilongwe. Koma kufupikako kumadyanso. Wogwira ntchito m'boma amene wasamutsidwira ku Dowa sakakamizika kusamutsa banja. Ana amaphunzira mumzinda, malipiro amathera mumzinda. N'chifukwa china chimene pabomapo sipakulira.

Ndiye pali nkhani ya malo. Mzinda ukamakula suyang'ana chikwangwani cha malire. Cha ku Lumbadzi ndi m'mbali mwa M1, minda ya makolo ikusanduka mapuloti, ogula ake ndi anthu a mumzinda amene alephera mitengo ya m'maeriya. Mumzinda, malo amayendera mapulani a khonsolo ya mzinda ndi unduna, ndipo lamulo silipatsa mafumu mphamvu m'menemo popanda chilolezo. Kungodumpha malire, malo ndi a makolo, ndipo mawu a nyakwawa ndi agulupu amalemera. Lamulo la malo a makolo la 2016 lidati pa gulupu aliyense pakhale komiti ya malo, agulupu akhale wapampando, pamodzi ndi anthu 6 osankhidwa, atatu mwa iwo kapena kuposerapo akhale amayi. Koma ogula ndi ogulitsa amathamanga kuposa makomiti. Zotsatira zake ndi timatauni tomera topanda misewu yolongosoka, topanda ngalande, topanda malo osiyira sukulu. Okhalamo amagwira ntchito mumzinda, koma madzi akavuta kapena zinyalala zikaunjikana, khonsolo imene iyenera kuyankha ndi ya Dowa, imene sidatolere kanthu pa kugulitsa kuja. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo anthu a m'malire amaudziwa bwino mwambiwu.

Chitsanzo chachikulu cha chinthu chimene chili mu Dowa koma si cha Dowa ndi Dzaleka. Pa nthawi ya Kamuzu pamalopa panali ndende ya anthu omangidwa pa zifukwa za ndale, ndipo a Mboni za Yehova ambiri adatsekeredwa pomwepa m'zaka za m'ma 1970. Mu 1994 padasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Udakonzedwera anthu pafupifupi 10,000 kapena 12,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Werengani bwino: msasawu uli ndi anthu ambiri kuposa a pa Mponela ndi a pabomapo mutawaphatikiza. Ndiye tauni yaikulu koposa m'boma la Dowa, koma ilibe khansala amene anthu ake adamuvotera. Amauyendetsa ndi unduna wa zachitetezo cha m'dziko mothandizana ndi UNHCR. Pamene boma lidalamula mu 2023 kuti onse othawa kwawo amene ankachita malonda m'matauni abwerere ku Dzaleka, chigamulocho chidapangidwa ku Lilongwe, koma nkhuni, madzi ndi mizere ya kuchipatala zidavuta ku Dowa. Kunena zoona, midzi yozungulira imapindulanso: msika wa pa Dzaleka umagula mbewu zawo, chipatala cha pamsasa chimathandizanso Amalawi, ndipo chikondwerero cha Tumaini, chimene chidayamba mu 2014, chimakoka alendo amene mwina sakadapatuka pa M1 moyo wawo wonse.

Nanga Mponela? Munthu angafunse kuti bwanji tauni yaikulu chotere ilibe khonsolo yakeyake, yoti izisamala ngalande, zinyalala ndi mapuloti. Dziko lino lidayesapo njira imeneyo. Salima ndi Dedza, oyandikana nawo a Lilongwe enawo, anali ndi makhonsolo a tauni osiyana ndi a boma, koma adathetsedwa n'kuphatikizidwa ku makhonsolo a maboma awo pa kusintha kwa nthawi ya 2010 kuja, pamodzi ndi a Balaka, Liwonde ndi Karonga. Ku Dowa funsoli ndi lowawa chifukwa cha kawerengedwe ka ndalama. Misika ya m'mbali mwa misewu ikuluikulu, Mponela patsogolo, kenako Madisi, ndi Chezi ndi Mvera pa msewu wa ku Salima, ndiyo imabweretsa kandalama kochepa kaja kamene khonsolo imakagwiritsa ntchito popanda kupempha chilolezo kulikulu. Wamalonda wa pa Mponela akamalipira tikiti m'mawa uliwonse amafuna aone chimbudzi ndi shedi pamsika pomwepo. Khansala wa kwa Kayembe kapena kwa Chiwere amafuna gawo la tikiti yomweyo likakonze kamlatho ka kwawo, ndipo akavota pa bajeti, a m'midzi ndiwo ambiri m'chipindamo.